Mbuzi Imadya Pomwe Aimangirira

Akuluakulu akale akapeza mbuzi itamaliza msipu wonse pozungulira chikhomo, mpaka kuyamba kukukuta khungwa la mtengo wa mango wa eni ake, sankathamangira kumenya mbuziyo. Ankayamba afunsa kuti adaimangirira pamenepo ndani, ndiponso chingwe adachifupikitsa chotero chifukwa ninji. Mpake kuti adasiya mawu akuti mbuzi imadya pomwe aimangirira. Masiku ano mwambiwu udagwera m'kamwa mwa akatangale, amene amautchula podzikhululukira akaba za kuntchito. Koma lilipo gulu lina la anthu limene mwambiwu ukulinena moona: anyamata ndi atsikana oyenda ndi zikwama zodzaza mafomu m'masukulu, m'zipatala, m'maofesi a boma ndi m'mabwalo a matchalitchi, kugulitsa inshuwalansi ya moyo popanda malipiro a pamwezi, chodalira chawo nkukhala komishoni yokha. Ana amenewa adamangiriridwa pa chikhomo choipa, ndipo msipu umene chingwe chawo chikufikira ndi abale awo omwe.

Zimveke poyamba kuti inshuwalansi ya moyo payokha njabwino. Alipo achikulire amene amaikana ponena kuti kulipirira imfa usanafe nkudziitanira tsoka, ngati kuti wogula ambulera ndiye amagwetsa mvula. Maganizo amenewo ngolakwa. Tsoka silinunkha, ndipo amene adaonapo mayi wamasiye ali pamphasa ndi ana asanu, uku abale a mwamuna akuwerenga malata a nyumba ndi maso, sanganyoze ndalama yobwera m'dzina la mayiyo, yolembedwa pa chikalata chimene mlamu sangachisinthe. Lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 lidaika kulanda chuma cha womwalira m'gulu la milandu, komabe lamulo silifika msanga pa siwa monga amafikira achibale adyera. Chimene chavunda ndi njira imene ambiri mwa ogulitsa inshuwalansi amalipiridwira, pakuti njirayo imatenga mthenga wa chithandizo nkumusandutsa mlenje.

Ngakhale maziko a inshuwalansi si achilendo pakati pa Amalawi. Zovuta zikagwa pamudzi, amayi amabwera ndi ufa, nkhuni ndi ndiwo, adzukulu amanyamula makasu kulowera kumanda, mbale ya chipepeso imayenda, ndipo mlembi amalemba m'kope dzina la aliyense ndi chimene waponya. Palibe adziwa khomo limene maliro adzagwere mawa, choncho aliyense amaponya lero kuti naye adzathandizidwe. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Azungu kwawo anali nayo nzeru yomweyi, koma iwo adaiika m'masamu. Bungwe la Equitable lidayamba ku London mu 1762, likuwerengera chopereka cha munthu molingana ndi zaka zake. Old Mutual idabadwira ku Cape Town mu 1845 ngati bungwe la mamembala othandizana okhaokha, lopanda eni masheya, ndipo idakhala chotero mpaka mu 1999. Kuno kumudzi National Insurance Company, imene ambiri amaidziwa kuti NICO, idakhazikitsidwa mu 1971. Mayinawa atchulidwa pongofuna kuonetsa kuti muzu wa ntchitoyi ndi kuthandizana. Zotsatirazi sizikuloza chala kampani ina iliyonse; zikunena mchitidwe umene uli wofala m'maiko ambiri.

Nkhani imayamba ndi chilengezo cha ntchito. Mnyamata amene adalemba mayeso a Fomu 4 nakhoza bwino, kapena mtsikana amene dipuloma yake yatha zaka zitatu ili m'sutikesi, amamva kuti kukufunika anthu achangu, odziwa kulankhula, ndipo kuti ndalama zimene angapeze zilibe malire. Amabwereka jekete, napita. Amaphunzitsidwa masiku owerengeka, ndipo gawo lalikulu la maphunzirowo limakhala la kayankhidwe ka munthu wokana kugula. Kenaka amapatsidwa pepala kuti alembe mayina a anthu onse amene amawadziwa: amalume, azakhali, alamu, anzake a kukwaya, aphunzitsi amene adamuphunzitsa kupulayimale. Pomaliza amasaina mgwirizano umene kawirikawiri umanena kuti iye ndi ejenti woima payekha, osati wantchito wa kampani. Tanthauzo la mawu amenewo amalizindikira mwezi ukatha. Ndalama ya minibasi njake, ya kabaza njake, mayunitsi a foni ngake, nsapato zikaperepeseka nzake, ndipo akayenda mwezi wathunthu osagulitsa kanthu amabwerera kunyumba chimanjamanja, ali ndi ngongole ya lendi pamwamba.

Kagawidwe ka komishoni ndi kamene kali ndi mbola. Pa mapangano ambiri a inshuwalansi ya moyo, gawo lalikulu la mphotho ya ejenti limabwera m'chaka choyamba, ndipo zaka zotsatira amalandira kochepa. Komanso wogula akasiya kupereka pangano lisanakhalitse, kampani imakhala ndi mphamvu yoitanitsanso komishoni imene idapereka kale, kapena kuidula pa zimene ejentiyo adzapeze mtsogolo. Masamu ongoyerekeza angathandize, pokumbukira kuti manambala enieni amasiyana kampani ndi kampani. Mphunzitsi wavomera kupereka K20,000 pamwezi, imene pachaka ikukwana K240,000. Kampani yapatsiratu ejenti theka la ndalama ya chaka choyambacho, K120,000. Ejenti walipira lendi, wabweza ngongole ya pagolosale, watumiza kangachepe kumudzi. Patatha miyezi inayi mphunzitsi uja walephera kupitiriza. Iye wataya K80,000, pakuti pangano lakhanda chotero silikhala ndi chobweza. Ejenti naye wauzidwa kuti ndalama imene adadya kalekale tsopano ndi ngongole. Anthu awiri osauka aluza, ndipo winayo akuyenera kukasaka munthu watsopano mawa m'mawa kuti akwirire dzenje la dzulo.

Munthu wolipidwa motere amaphunzira msanga kuti siginecha ndiyo nsima yake. Kaya wogulayo adzatha kupereka zaka khumi, kaya pangano lamuyenera, zimenezo nza mawa, pomwe njala nja lero. Ndipo siginecha yosavuta kuipeza ndi ya munthu amene sangathe kukana. Apa mpamene mbuzi imayambira kudya mbewu za pakhomo.

Zimachitika chonchi m'makomo ambiri. Mnyamata wafika kwa amalume ake Loweruka masana, atavala tayi dzuwa likuswa mtengo. Apatsana moni, afunsana za kumudzi, adya nsima. Kenaka chikwama chatsegulidwa.

"Amalume, ndabwera ndi kankhani kakang'ono. Kuntchito kwathu atipatsa tageti, ndipo mwezi uno ndatsala ndi anthu awiri okha. Mukangondisainira apa mwandipulumutsa."

"Mwana wanga, malipiro anga ukuwadziwa. Fizi ya alongo akowa sindinamalize."

"Ndi kandalama kochepa, amalume, simudzakamva n'komwe. Adzingodula okha kumalipiro. Zikadzakuvutani mudzasiya."

Amalume aja ayang'ana mwana wa mlongo wawo, aona kolala yothetheka, akumbukira kuti adamunyamula ali khanda, natenga cholembera. Sadagule chitetezo cha banja lawo. Apereka chithandizo kwa mphwawo, chimene chadzera m'thumba la kampani. Mawu akuti zikadzakuvutani mudzasiya ndiwo bodza lalikulu la ntchito imeneyi, chifukwa sanena kuti wosiya msanga amasiya pamodzi ndi zonse zimene adapereka. Mnyamatayo mwina sakunama mwadala. Mwina naye sadauzidwe bwino. Koma chimene chagulitsidwa pakhonde paja ndi chibale, ndipo kampani yachipeza popanda kulipira kanthu. Kukhulupirirana kumene banja lidamanga zaka makumi atatu kwasinthanitsidwa ndi komishoni ya mwezi umodzi.

Amati chibale ndi fupa, sichiwola. Nzoona sichiwola, koma fupa limathyoka. Ikafika Januwale, fetereza wobereketsa akufunika, sukulu zatsegulira, chimanga chakwera mtengo pamsika, ngongole ya banki mkhonde yakhwima, amalume aja amayang'ana chikalata cha malipiro awo nkuona kuti kandalama kosamveka kaja kakumveka. Amalemba kalata yoimitsa. Akafunsa za ndalama zawo amauzidwa kuti palibe chobweza. Kuyambira tsiku limenelo mnyamata uja akaonekera pa ukwati kapena pamaliro, anthu amanong'onezana kuti wabwera uja adadyera amalume ake. Mndandanda wa mayina uja ukatha, ndipo umatha m'miyezi yochepa, maejenti ambiri atsopano amaisiya ntchitoyo. Kampani imalengezanso ntchito, nkubwera ana ena ndi mndandanda wina wa amalume ndi azakhali. Wina akhoza kufunsa moona mtima ngati ofunidwa pa chilengezo chija adali ogulitsa, kapena abale a ogulitsawo.

Palinso zoopsa zina zimene zimabisala mpaka tsiku la misozi. Fomu ya inshuwalansi imafunsa za umoyo wa munthu: matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi, chifuwa chachikulu, mankhwala amene akumwa. Ejenti wofulumira, woopa kuti yankho loona lingakweze mtengo kapena kulepheretsa malonda, amadzaza yekha fomuyo nkulemba kuti ayi paliponse, wogula nkungosaina pansi. Munthuyo akamwalira, kampani imafufuza, ndipo ikapeza kuti matenda adabisidwa ikhoza kukana kulipira. Amene amalangidwa ndi mayi wamasiye, amene sadaione n'komwe fomuyo. Mapangano ambiri a maliro amakhalanso ndi nyengo yodikira, kawirikawiri miyezi ingapo yoyambirira, imene munthu akamwalira ndi matenda sipaperekedwa kanthu. Zimenezi zimalembedwa ndithu, koma m'zilembo zazing'ono ndiponso m'Chingerezi cha maloya. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nyerere ina ndi kugwa kwa kwacha. Mu Meyi 2012 kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi pafupifupi theka. Mu Meyi 2022 idatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 idatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Munthu amene adalonjezedwa ndalama yokhazikika zaka khumi ndi zisanu zapitazo, nauzidwa kuti idzamanga nyumba, akhoza kupeza lero kuti ikungokwana bokosi ndi matumba angapo a chimanga. Alipo mapangano amene ndalama yolonjezedwa imakwera chaka ndi chaka, chopereka nacho chikukwera, ndipo ejenti woona mtima amakhala pansi nkufotokoza kusiyana kwake. Koma kufotokoza kumadya nthawi, kumadzutsa mafunso, ndipo mafunso amachedwetsa siginecha. Njira ya komishoni yokha imalanga ejenti wofotokoza, nkudalitsa wothamanga.

Mwambo wa makolo uli ndi munthu amene ntchito yake imafanana ndi ya ejenti, ndiye nkhoswe. Naye amaima pakati pa mbali ziwiri, naye amanyamula mawu okoma, naye amachitira umboni pangano la nthawi yaitali. Koma taonani mmene akale adaukonzera udindowu. Unkhoswe sutha tsiku la chinkhoswe, pamenepo mpoyambira. Banja likagwedezeka pakati pa usiku, amene amadzutsidwa ndi nkhoswe. Mwana akadwala, nkhoswe amauzidwa. Imfa ikalowa m'banjamo, nkhoswe ndiye amayenda ndi uthenga, ndipo ukwati ukafika pakutha iye amakhalapo pomasula. Chifukwa chodziwa kuti adzasenza zonsezi, nkhoswe wanzeru safulumiza zinthu. Amafunsa za khalidwe la mnyamata, za mtundu wake, za munda wake. Ulemu wake umakula ukwati ukamakhalitsa, ndipo ukatha msanga manyazi amagwera iye. Mudzi umene ungayambe kupatsa ankhoswe mbuzi pa ukwati uliwonse umene amanga, osafunsa ngati ukwatiwo udzaona chaka chachiwiri, udzadzaza ndi maukwati a chibwana, ndipo wolakwa adzakhala amene adakhazikitsa mphotho ya mbuziyo. Inshuwalansi ya moyo ndi pangano la zaka makumi awiri kapena kuposerapo. Kulipira womanga pangano lotere ngati wogulitsa tomato, amene za mawa sizimukhudza, nkusamvetsa chimene chikugulitsidwa.

Makampani ali nazo zonena, ndipo nzoyenera kuzimva. Choyamba amati inshuwalansi siigulidwa ngati shuga. Palibe amadzuka m'mawa kukaifuna yekha, choncho pamafunika munthu woyenda khomo ndi khomo, ndipo munthu wotere sangalimbikire akamalandira malipiro ngakhale atagona. Mfundoyi ili ndi choona chake, koma ikutsimikiza zochepa kuposa zimene eni ake akufuna. Ikuonetsa kuti khama liyenera kukhala ndi mphotho. Sikuonetsa kuti munthu azigwira ntchito mwezi wathunthu popanda ngakhale ya sopo. Pakati pa malipiro a ulesi ndi njala pali malo aakulu: kamalipiro kokhazikika kokwanira lendi ndi mayendedwe, komishoni nkubwera pamwamba. Namwino, mphunzitsi ndi mlangizi wa zaulimi amalandira malipiro a pamwezi, ndipo aulesi pakati pawo amawongoledwa ndi oyang'anira, osati ndi njala.

Chachiwiri amati kulanda komishoni pangano likafa msanga kumateteza kampani kwa maejenti achinyengo, olemba mayina a anthu ongopeka kapena okakamiza anthu osakwanitsa. Izinso nzoona, ndipo maiko ena adachita kuika zimenezi m'malamulo. Koma mankhwalawa akuchiza matenda amene njira yomweyo idabweretsa. Kupereka chindalama patsogolo kumaitana chinyengo, kenaka kulanda kumagwera wachinyengo ndi woona mtima yemwe. Ejenti sadagwetse kwacha, sadachotse wogula ntchito, sadaletse mvula. Waganyu akapalira ndime yake nalandira zake, mwini munda samutsatira kukamulanda ndalama chifukwa chakuti kwachita ng'amba. Komishoni ikadamaperekedwa pang'onopang'ono, mwezi uliwonse umene wogula wapereka, sipakadakhala chambiri cholanda, ndipo ejenti akadakhala ndi chifukwa chokayenderanso wogula wake chaka chachitatu ndi chachisanu.

Chachitatu amaloza maejenti amene adalemera, amene adamanga nyumba nagula galimoto, nkunena kuti mwayi ulipo kwa aliyense wolimbika. Anthu oterewa alipo, ndipo ena mwa iwo ngaulemu wawo, amene akhala ndi makasitomala omwewo zaka zambiri, amene amafika pa siwa ndi mafomu a chipukutamisozi asanaitanidwe. Iwowa ndiwo umboni wakuti ntchitoyi ikhoza kugwiridwa ngati unkhoswe. Koma nyanja siyesedwa ndi msodzi mmodzi amene wabwera ndi bwato lodzaza. Funso loyenera ndi lakuti mwa ana amene adalowa m'chipinda chophunzirira tsiku limodzi, ndi angati adakali pantchito patatha zaka ziwiri, ndipo mwa mapangano amene adagulitsa, ndi angati adakali amoyo. Kampani iliyonse manambala amenewa ili nawo m'mabuku ake. Ngati ali okoma, iwaike poyera.

Mbiri ya dziko lino ili ndi phunziro pa mawu okoma osandulika goli. Thangata poyamba lidali liwu la kuthandizana. M'nthawi ya atsamunda, m'minda ya azungu ya ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu, liwu lomwelo lidasanduka dzina la ntchito yokakamiza yolipirira malo okhala, ndipo lidali limodzi mwa madandaulo amene adautsa John Chilembwe mu 1915. Pambuyo pake kudabwera matenanti a m'minda ya fodya, amene ankapatsidwa chakudya ndi zipangizo pangongole, nkudzapeza pokolola kuti zotsala nzochepa kapena palibe. Ejenti wa inshuwalansi sakwapulidwa, ndipo akhoza kuchoka tsiku lililonse. Kumuyerekeza ndi wa thangata ndendende kungakhale kunyoza amene adazunzikadi. Komabe kamangidwe kake nkofanana pa chinthu chimodzi: mwini chuma amasunga phindu, chiopsezo nkuchikankhira kwa wopanda kanthu, zonsezo nkuzitcha dzina lokoma. Kale dzinalo lidali kuthandiza. Lero akuti kukhala bwana wa iwe mwini.

Chomvetsa chisoni china nchakuti lamulo la penshoni limene lidayamba kugwira ntchito mu 2011 lidalamula olemba anthu ntchito kuti aziperekera antchito awo penshoni, bwana 10 peresenti ndipo wantchito 5 peresenti, komanso kuti aziwagulira inshuwalansi ya moyo yokwana malipiro a chaka chimodzi. Chitetezo chimenechi nchopita kwa wantchito. Amene adasaina kuti ndi woima payekha amakhala kunja kwa mpanda. Motero zimatheka kuti mtsikana amene amatha tsiku lonse akuuza anthu za kufunika koteteza mabanja awo, iye mwini alibe penshoni, alibe inshuwalansi, ndipo atagundidwa ndi galimoto ali pa kabaza popita kwa kasitomala, bokosi lake lidzachokera m'mbale ya chipepeso ya kumudzi. Wophika ndiye akugona ndi njala.

Amene anganene kuti zinthu sizingasinthe ayang'ane kunja. Ku Britain, kuyambira kumapeto kwa 2012, alangizi a za kasungidwe ka ndalama adaletsedwa kulandira komishoni kuchokera ku makampani amene katundu wawo akumuyamikira, ngakhale kuti inshuwalansi yongoteteza moyo sidalowe m'chiletsocho. Ku Australia, kuyambira mu 2018, boma lidaika malire pa komishoni ya chaka choyamba ya inshuwalansi ya moyo, nkumawatsitsa chaka ndi chaka: 80 peresenti mu 2018, 70 peresenti mu 2019, ndi 60 peresenti kuyambira mu 2020. Maiko amenewa sadachite izi chifukwa chodana ndi malonda. Adaona kuti mphotho yaikulu ya patsogolo imapotoza uphungu, ngakhale pakati pa anthu ophunzira, okhala ndi maloya ndi manyuzipepala owatchinjiriza. Nanga kuli bwanji kwa mphunzitsi wa kusukulu ya kumudzi, amene chikalata chake chili m'chilankhulo chachiwiri, ndipo ofesi yokadandaulako ili ku Blantyre kapena ku Lilongwe?

Mutu umodzi susenza denga, choncho ntchito yokonza ili ndi eni ake angapo. Makampani apereke kamalipiro kokhazikika ndi ndalama ya mayendedwe kwa ejenti aliyense watsopano, ngakhale kwa chaka choyamba chokha, ndipo komishoni aitambasule kuti iziyenda limodzi ndi moyo wa pangano. Alembe anthu ochepa, awaphunzitse mokwanira, asiye kukolola mindandanda ya abale. Mphotho ya ejenti wopambana pachaka ipite kwa amene mapangano ake akhalitsa, osati kwa amene wasonkhanitsa masiginecha ochuluka.

Lamulo la Financial Services Act la mu 2010 lidaika Gavanala wa Reserve Bank of Malawi kukhala woyang'anira mabungwe a zachuma, kuphatikizapo a inshuwalansi. Ofesi imeneyo ilamule kuti kampani iliyonse izilengeza poyera chiwerengero cha mapangano amene amafa m'chaka choyamba ndi chachiwiri. Ilamulenso kuti wogula aliyense azipatsidwa tsamba limodzi, m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao kapena chilankhulo china chimene amamva, lonena zinthu zinayi momveka: chimene adzapereke, chimene banja lake lidzalandire, chimene adzataye akasiya msanga, ndi chimene ejenti akupindula pa siginecha yake. Mabungwe a aphunzitsi, a anamwino ndi a ogwira ntchito m'boma, amene mamembala awo ndiwo amasakidwa kwambiri chifukwa ndalama imadulidwa kumalipiro isanafike m'manja, aphunzitse anthu awo kuwerenga mapangano asanalole ejenti kulowa m'chipinda cha aphunzitsi pa nthawi yopuma.

Wogula naye ali ndi mbali yake, pakuti safunsa adadya phula. Asasaine tsiku lomwelo. Atenge fomu, agone nayo, aionetse kwa munthu wodziwa amene sapindulapo kanthu. Mafunso a zaumoyo ayankhe yekha ndiponso moona, ngakhale ejenti atanena kuti zilibe kanthu. Aonetsetse kuti dzina la wodzalandira lalembedwa bwino, ndipo mkazi kapena mwamuna wake adziwe kumene chikalata chasungidwa. Ayese chopereka ndi mwezi wa Januwale, osati ndi mwezi wokolola. Ndipo ngati cholinga chake nkungothandiza mwana wa mlongo wake, ndi bwino amupatse ndalamayo m'manja. Idzamufikira yonse, ndipo chibale chidzatsala chathunthu.

Kwa achinyamata amene ali kale m'ntchitoyi, mawu ndi ochepa. Njala yawo njoona, ndipo palibe woyenera kuwaseka poona tayi ndi nsapato zafumbi. Koma dzina la munthu limakhalitsa kuposa tageti ya mwezi. Ejenti amene angauze azakhali ake kuti pangano ili silikuwayenera wataya komishoni ya tsiku limenelo, koma wapeza munthu amene adzamutumizira anzake khumi, ndiponso adzatha kulowa m'mudzi mwawo masana osazemba. Asanasaine mgwirizano wa ntchito, afunse za kulandidwa kwa komishoni, afunse za penshoni, afunsenso kuti mwa amene adalowa chaka chatha atsala angati. Woyang'anira amene angakwiye ndi mafunso amenewa wayankha kale.

Mbuzi idzapitiriza kudya pomwe aimangirira, pakuti ndicho chibadwa cha chamoyo chilichonse chanjala. Mudzi umene watopa ndi kulira mbewu zodyedwa usataye nthawi kuthamangitsa mbuzi ndi miyala. Upite kwa mwini chingwe, umuuze azule chikhomo.